Bemberezi ndi Magalagadeya a Abiti Daudi

1996: Kuchoka ku nyuzipepala

Ana anga, ntchito yanga yoyamba inali ya utolankhani ku Blantyre. Ndinaiphunzira kwa mkonzi wina wamfupi, wosuta fodya kwambiri, amene ankabweza nkhani iliyonse yopanda munthu woona zinthuzo ndi maso ake. Zipani zitachuluka, nyuzipepala nazo zinamera paliponse, ndipo ine ndinathamangira ku ina yatsopano imene inkatilonjeza zambiri. Siinakhalitse. Tsiku lina tinapeza chitseko chili ndi loko, mlonda atakhala pa mulu wa nyuzipepala zosagulidwa, akutiuza kuti eniake apita ku Joni. Nthawi imeneyo mayi anu anali oyembekezera iwe Tiyanjane, ndiye panalibe zosankha ntchito. Nditamva kuti kabungwe kena kothandiza alimi a zipatso ku Zomba kakufuna munthu wolemba mauthenga a ulangizi m'Chichewa, ndinakwera minibasi m'mawa mwake.

Ofesi yathu inali m'nyumba yakale ya boma, imodzi mwa zija zinatsala likulu litasamukira ku Lilongwe, m'munsi mwenimweni mwa phiri. Denga linkadontha pamalo atatu. Tinali ndi taipi imodzi, njinga yamoto imodzi imene tinkalimbirana, ndi galimoto ya bwana imene nthawi zambiri inkakhala yopanda mafuta. Mapepala akatha tinkalemba kumbuyo kwa makalata akale. Ntchito yanga inali kutenga zimene alangizi anena, kuziika m'mawu oti mlimi amve, kupita nazo kosindikiza m'tauni, kenako kukagawa timapepalato m'makalabu a alimi.

Bwana wathu anali a Kandulu, munthu wamtali, wolankhula mwachidule, amene anagwira ntchito ya ulangizi wa thonje zaka zambiri ku chigwa cha Shire. Ankafika ku ofesi tonse tisanafike, ndipo alimi ankawadziwa mayina awo ndi a ana awo omwe. Thonje linawaphunzitsa chinthu chimodzi chimene sankachikayika: kachilombo kakatera pa mbewu, kapopere kasanakudyere. Ine ankanditchula a Nyuzi, ndipo dzinalo linafalikira mpaka kumidzi.

1997: Maluwa mbwee, zipatso ayi

Ntchito yathu yaikulu inali ya magalagadeya achikasu. Kampani ina yopanga majuwisi inali itanena kuti idzagula onse amene alimi angakolole, ndipo mtundu wachikasu ndi umene umakonda kumunsi kotentha, mosiyana ndi wofiirira uja amagulitsa pamwamba pa phiri. Tinagawa mbande zofesedwa kuchokera ku njere m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Malosa. Alimi anazika mizati, nakunga mawaya, ndipo aliyense anapatula gawo la munda wake wa chimanga. Amene anapatula gawo lalikulu anali wapampando wa kalabu, Abiti Daudi, mayi wamasiye wa ana asanu, wolankhula mosapsatira. Iwo akabzala chinthu, mudzi wonse unkabzala. Iwo akazula, mudzi wonse unkazula.

Mbewu inakwera bwino kwambiri. Pofika Okutobala mawaya anali atabisika ndi masamba, ndipo masana aliwonse mindayo inkayera ndi maluwa. Koma duwa linkatseguka masana, madzulo n'kutseka, patapita masiku pang'ono n'kugwa. Pansi pa mawaya panali maluwa ofota okhaokha. Mzere wonse unkatha kukhala ndi zipatso ziwiri kapena zitatu, zina mwa izo zopepuka ngati chigoba cha dzira.

Abiti Daudi anandiimitsa tsiku lina ndisanatsike n'komwe pa njinga.

"A Nyuzi, bwerani mudzaone munda wanu wa maluwa. Kapena tizikagulitsa ku maukwati?"

"Zibereka, mayi. Mwina ndi dzuwa."

"Dzuwa lake liti? Ndikuthirira ine, msana uwu. Tamverani, mukawauze a Kandulu. Mvula yobzalira ikangogwa, ine ndikuzula zonsezi, ndibzale chimanga. Ana anga sadya maluwa."

Alimi anali atapeza kale wolakwa. Anali bemberezi, chinjuchi chachikulu chakuda chija chimalira ngati njinga yamoto ndi kuboola mitengo youma. Ankati chikatera pa duwa, duwalo limagwedezeka, ndipo posakhalitsa limathothoka. Komanso chinkaboola mizati. Ndiye ana ankachisaka ndi mapatapata, akuluakulu ankamata mabowo ake ndi dothi, ndipo mizati yonse anaipaka oyilo wakutha wa galimoto. A Kandulu atamva izi anagwirizana nazo, ndipo sindingawanene, chifukwa bemberezi yemweyo anamuonapo akung'amba maluwa a nyemba. Anaitanitsa mankhwala opopera, n'kundiuza kuti ndilembe kapepala ka kasakanizidwe kake. Kapepalako ndi mankhwalawo zinayenera kugawidwa pamodzi pa msonkhano wa alimi Lachisanu la sabata yotsatira. Ndinalemba, iwo anawerenga n'kuvomereza, ine n'kukasiya kosindikiza. Atatero ananyamuka kupita ku msonkhano ku Lilongwe.

Okutobala 1997: Zimene ndinaona paphiri

Loweruka ndinakwera phiri ndi njinga ya ofesi. Ndinkafuna chithunzi cha magalagadeya obereka bwino choti ndidzaike pa kapepala kena, poti kumunsi kunalibe choti n'kujambula. Pamwamba paja pankazizira ngakhale mu Okutobala, fungo la paini lili thoo. Mnyamata wina wogulitsa sitiroberi m'mbali mwa msewu anandilozera kwa bambo wina wocheka matabwa, amene kuseri kwa nyumba yake kunali magalagadeya ofiirira atayanga pa chisakasa chakale. Zipatso zake zinali zolendewera mpaka ndinkawerama podutsa. Chisakasacho chinali cha mitengo yofumbwa, mabowo okhaokha, ndipo bemberezi anali ponseponse.

"Amenewa sakuonongerani maluwa?" ndinafunsa.

"Amandionongera chisakasa," anatero bamboyo. "Za maluwazo sindidziwa. Ine ndimangothyola."

Ndinakhala pa chitsa n'kuyamba kuyang'anitsitsa, monga ndinkachitira m'khoti ndili mtolankhani. Bemberezi anatera pa mphonje za duwa zija zangati ulusi, nalowetsa mlomo pakati, n'kuyamba kuzungulira duwalo akumwa timadzi totsekemera. Pozungulira, msana wake unkakhula tinthu tolendewera pamwamba pake. Pouluka, msana wakudawo unali utasanduka wachikasu ngati wagwera mu ufa wa mgaiwa. Anapita pa duwa lina, nachitanso chimodzimodzi. Njuchi wamba nazo zinkabwera, koma zinali zazing'ono moti zinkalowa ndi kutuluka osakhudza kanthu pamwamba. Duwa limene bemberezi anachokapo ndinaliyang'ana mbali zonse: silinang'ambike, silinalumidwe.

Ndisanachoke, bamboyo anawaza mtengo wina wa chisakasacho kuti ukhale nkhuni, ndipo mkati mwake munali njira yosalala yogawidwa tizipinda ndi utuchi. M'kachipinda kalikonse munali mpira wa phala lachikasu. Pa mpira wina panali dzira loyera, lalitali, pa ina panali mphutsi zikudya. Ndinapempha chidutswacho, n'kuchikulunga mu juzi. Potsika phiri ndinkalankhula ndekha pa njinga ngati wamisala. Kuno bemberezi ndi wochuluka, zipatso n'zochuluka. Kumunsi tamupha, zipatso palibe. Koma mkonzi wanga uja akanandifunsa kuti wanena ndani, ndikanasowa choyankha. Ndinafunika munthu wodziwa.

Lolemba ndinapita ku Chirunga, ku koleji ya yunivesite ya mu Zomba momwemo. Ndinafunsafunsa m'makonde mpaka ophunzira anandilozera chipinda cha Mayi Kamwendo, mphunzitsi wa sayansi ya zomera. Ndinawapeza akudya chinangwa chowiritsa, mapepala a mayeso ali mulu patebulo. Nditaika pamaso pawo maluwa achikasu aja ndi chidutswa cha mtengo, anakankhira mayesowo pambali.

"Khalani pansi, bambo. Mwandipulumutsa ku ntchito yotopetsa."

Anatenga lezala, nadula duwa pakati, n'kundipatsa galasi lokulitsa zinthu. Zimene anandionetsa tsiku limenelo ndimazikumbukira bwino kuposa zambiri zimene ndinaphunzira kusukulu. Tinthu tisanu tolendewera tija ndi ziwalo zachimuna, ndipo ufa wachikasu umene timatulutsa ndi mungu. Pamwamba pake pali timitu titatu tonata, ndipo timeneti ndi khomo la chiwalo chachikazi. M'munsi mwa timituto muli kathumba kobiriwira, kamene mkati mwake ndinaona timazira toyera tambirimbiri titandandalikana. Kambewu ka mungu kakagwera pa kamutu, kamamera kamchira kopyapyala kamene kamatsika mpaka kukafika pa kadzira kamodzi. Mbewu yachimuna imadutsa m'kamchirako n'kukakumana ndi yachikazi, ndipo pamenepo ndi pamene njere imayamba. Njere zikayamba, kathumbako kamafufuma n'kukhala chipatso. Zikapanda kuyamba, mbewu imalitaya duwalo.

"Ndiye kuti mungu kungofika pa duwa si kubereka?" ndinafunsa.

"Ayi. Kufika ndi ulendo chabe. Kubereka ndi kukumana kwa mbewu ziwirizo, ndipo lamulo limeneli ndi limodzi kwa mbuzi, kwa nsomba, kwa inu ndi ine. Kusiyana kwake ndi njira basi. Tambala amayenda yekha kukapeza thadzi. Chule amathira mbewu yake pa mazira m'madzi. Koma mtengo suyenda, ndiye umafuna wonyamula. Chimanga chimatuma mphepo: mungu umachoka ku ngayaye n'kugwera pa ndevu za chisononkho, ndipo ulusi uliwonse wa ndevuzo ndi njere imodzi. Mukaona chisononkho cha magweru, dziwani kuti ulusi wina sunalandire. Magalagadeya ali ndi mungu wolemera, womata, woti mphepo siingaunyamule. Ndiye amalipira bemberezi ndi timadzi tija."

Ndinafunsanso chifukwa chake duwa silingodzithira lokha mungu, popeza ziwalo zonse zili pamodzi. Anayankha kuti wofiirira wa paphiri amatha kulandira mungu wake womwe, ngakhale amabereka bwino koposa bemberezi akamuthandiza. Koma wachikasu amaukana. Mungu wa duwa lomwelo, kapena wa duwa lina la tsinde lomwelo, ukafika pa timitu tija sumera bwino. Pamafunika wochokera ku tsinde lina. Anati n'chifukwa chake zinali bwino kuti mbande zathu zinachokera ku njere, popeza munda wobzalidwa ndi nthambi zodulidwa pa tsinde limodzi uli ngati munthu mmodzi wagona m'munda monse. Anawonjeza kuti madzi amene kampani ikufuna amakhala m'kathumba kokuta njere iliyonse, choncho mungu ukachepa njere zimachepa, madzi n'kuchepanso. Apa ndinamvetsa za zipatso zopepuka zija.

Chidutswa cha mtengo chija anachitembenuza ndi chisangalalo ngati mwana. Anati woboola ndi wamkazi, ndipo saboola kuti adye mtengo koma kuti aikire mazira. Mpira wachikasu uja ndi mungu wosakaniza ndi timadzi, kamba wa mwana. Wamkazi akakumana ndi wamwamuna amasunga mbewu yake m'thupi. Dzira limene walithira mbewuyo limaswa wamkazi, limene sanalithire limaswa wamwamuna. Wamwamunayo alibe mbola n'komwe. Ndinawauza kuti abwereze, chifukwa ndinkayesa sindinamve bwino: mwana wopanda bambo, koma ali ndi agogo aamuna!

Nditawafotokozera za mankhwala a Lachisanu, anasiya kuseka.

"Mukapopera maluwa, mupha otsalawo, ndi njuchi zomwe. Koma musapite kukanena kuti Mayi Kamwendo atero. Ine munda wanuwo sindinauone. Mwina pali vuto linanso. Yesani nokha." Ndipo anandiuza mayesedwe ake.

Sabata ya kapepala

Apa ndi pamene panali povuta. A Kandulu anali ku Lilongwe mpaka Lachisanu. Ndinaimba foni ya ofesi kunyumba ya alendo kumene ankagona, wolandira alendo n'kunena kuti atuluka. Ndinaimbanso, foni osagwira. Wosindikiza anali atandiuza kuti ayamba ntchito yathu Lachiwiri. Ine sindinali mlangizi. Ndinalembedwa kuti ndizilemba zimene alangizi anena, ndinali ndisanathe zaka ziwiri pa ntchito, ndipo kunyumba kunali khanda. Ndinadziwanso kuti a Kandulu sangagawe mankhwala opanda kapepala ka kasakanizidwe, chifukwa anaonapo anthu akudwala nawo ku thonje. Kuletsa kapepalako kunali kuletsa msonkhano wonse wa bwana, iwo osadziwa.

Ndinawauza mayi anu. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Mukachisiya chisindikizidwe, dzina lili pansi pake ndi la ndani?" Linali langa. Lachiwiri m'mawa ndinapita kosindikiza n'kukachotsa kapepalako. Wosindikiza anali atathira kale inki. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Inu a Nyuzi, ntchito mwaipeza ina?"

Kuchoka apo ndinapita kwa Abiti Daudi ndi mtolo wa nyuzipepala zakale. Ndinawafotokozera zonse, nditagwira duwa m'manja. Anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Ndiye mukuti duwali lili ndi mwamuna ndi mkazi m'nyumba imodzi, koma sakwatirana?"

"Eya, mayi. Ndi pachibale."

"Aa, lili ndi mwambo kuposa anthu ena m'mudzi muno! Ndiye mkamwini azichokera kwina?"

"Ku tsinde lina. Ndipo womubweretsa ndi bemberezi."

"Amene takhala tikumuswa ndi patapata uja?" Anaomba m'manja kamodzi. "Ngati mukunama, a Nyuzi, mudzandithandiza kuzula. Ndi manja, khasu sindikupatsani."

Tinapinda timatumba ta nyuzipepala n'kumata ndi phala la chinangwa. M'mawa mwake tinasankha maluwa amene ankaoneka kuti atseguka tsiku lomwelo, n'kuwaveka timatumbato kuti kachilombo kalikonse kasafikepo. Masana atatseguka tinawagawa patatu. Ena tinangowasiya m'matumba osawakhudza, n'kumangapo kansanza koyera. Ena tinawapaka mungu wa tsinde lawo lomwe, n'kumangapo kansanza kakuda. Otsalawo tinawapaka mungu wa tsinde lina, n'kumangapo kofiira. Kupakako ndi kwa chala basi: ukhudza tinthu tisanu tija mpaka chala chichite chikasu, upita pa tsinde lina, n'kusisita timitu tonse titatu. Abiti anandiposa liwiro tsiku lomwelo. Ine ndinkaopa kuthyola duwa, iwo ankangoti psiti, psiti, uku akundinena kuti zala zanga zinazolowera taipi. Tinabwereza Lachinayi.

Lachisanu alimi anasonkhana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi. A Kandulu anafika molunjika kuchokera ku Lilongwe, makatoni a mankhwala ali kumbuyo kwa galimoto. Ndinawatsekereza asanafike pa anthu, n'kuwauza kuti timapepala palibe, ndipo ndachotsa ndine. Sanakweze mawu. Akanakweza bwenzi zili bwino.

"A Nyuzi, zaulimi munaphunzira kuti?"

"Sindinaphunzire, bwana. Ndikupempha sabata imodzi yokha. Mukapeza kuti ndalakwa, kapepalako ndikasindikiza ndekha."

"Anthu awa asiya ntchito zawo. Mvula ili pafupi. Inu mwatenga nzeru kwa wocheka matabwa ndi kwa mphunzitsi amene sanapondemo m'munda muno, n'kuimitsa ntchito yanga. Mukanadikira."

"Ndikanadikira, lero bwenzi tikugawa."

A Kandulu anatembenuka n'kundisiya pomwepo. Kenako anapita kukauza alimi kuti malangizo a kasakanizidwe sanakonzeke, ndiye mankhwala adikira. Anthu anang'ung'udza, ena ananyamuka msonkhano usanathe. Pobwerera ku galimoto anandiuza kuti ndipereke makiyi a njinga kwa dalaivala, ndipo ndisaoneke ku ofesi mpaka atandiitana. Ndinabwerera m'tauni pa matola, nditakhala pa thumba la makala.

Masiku otsatirawo ndinkapita kumundako pa minibasi. Kumwamba kunkachita mitambo masana aliwonse, ndipo mabingu ankamveka cha ku nyanja ya Chilwa. Alimi awiri sanadikire, anazula mizere yawo. Loweruka ndinasuzumira m'timatumba, sindinaone kusiyana kulikonse, ndipo ndinabwerera kunyumba. Lamulungu nditatuluka m'tchalitchi sindinapite, ndinkaopa. Lolemba ndikutsika minibasi ndinamva Abiti Daudi akukuwa kuchokera kumunda.

"A Nyuzi! Thamangani! Ofiira ali ndi pakati!"

Ndinathamanga, nsapato imodzi n'kuvuka. Anali atavula kale timatumba. Maluwa a nsanza zoyera anali atagwera m'matumba mwawo, ofota. A nsanza zakuda chimodzimodzi. Koma pa nsanza zofiira, pafupifupi paliponse, panali kachipatso kobiriwira, konyezimira, kena ngati nsawawa, kena ngati dzira la njiwa. Ndinayenda mzere wonse, n'kubwerera, n'kuyendanso. Ndinkaseka ndekha. M'moyo wanga wa utolankhani ndinalembapo za ngozi, za milandu ndi za misonkhano ya zipani, koma palibe nkhani imene inandithamangitsa mtima ngati tizipatso timeneto. Azimayi a kalabu anabwera, aliyense akufuna kuphunzira kupaka, ndipo dzuwa litapendeka munda wonse unali anthu a zala zachikasu.

Abiti anatuma uthenga kwa a Kandulu kudzera kwa dalaivala, ndipo uthengawo unali wakuti wapampando akuwafuna, asachedwe. Anabwera m'mawa mwake chakumasana, maluwa akutseguka. Ine anangondigwedezera mutu. Anayenda mzere wa nsanza pang'onopang'ono, akugwira kachipatso kalikonse, akutola maluwa ogwa n'kuwang'amba ndi chikhadabo. Anafunsa kuti matumba tinaveka nthawi yanji, anafunsa ngati tinasamba m'manja posintha tsinde. Ndinayankha zonse. Ali chiimire, bemberezi mmodzi mwa opulumuka anatera pa duwa pafupi ndi phewa lawo. Mwana wina anakweza patapata, Abiti n'kumugwira dzanja. A Kandulu anawerama, nayang'ana kachilomboko kakuzungulira mpaka kanauluka ndi msana wachikasu.

"Zaka zonsezi," anatero, koma sanamalize. Anapinda malaya. "Mayi, tandionetsani mmene mukuchitira."

"Chala chofewa, bwana. Si thonje ili."

Anapaka maluwa angapo, akulakwitsa, Abiti akuwadzudzula ngati mwana wa sukulu. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti mankhwala abwezedwa kwa wogulitsa, ndipo ndibwere ku ofesi mawa tidzalembe kapepala kena. Anatinso kalata yondichenjeza alemba kale ndipo saichotsa, chifukwa wantchito sachotsa ntchito kosindikiza bwana wake asakudziwa. Kalatayo inakhala m'faelo yanga mpaka tsiku limene ndinapuma pa ntchito, ndipo sindinawadandaulepo.

Koma nkhani inali isanathe. A Kandulu ananena poyera kuti mizati ipitirire kupakidwa oyilo, chifukwa bemberezi akaifumbula mawaya adzagwa ndi zipatso zomwe. Ankanena zoona. Abiti nawo ananena zawo.

"Kupaka ndi chala n'kwabwino lero, poti tikusangalala. Mvula ikagwa ndidzakhala kuchimanga, kupalira, kubandira. Masana aliwonse ndizidzasiya khasu kudzakwatitsa maluwa? Tizipatso tanuti n'tochepa, a Nyuzi. Za kuzula zija sindinabweze mawu."

Ndinawauza zimene ndinamva ku Chirunga, kuti bemberezi amabwerera pamene pali mtengo wouma wofewa woti aikiremo mazira, ndipo ana akaswa amakonda kukhala pomwepo. Anangoti, "Tamva," n'kutola ndowa yawo.

Novembala 1997: Mvula

Mvula yobzalira inagwa pakati pa sabata, yamphamvu, mpaka madzi a m'ngalande za m'tauni anasefukira mumsewu. Ku ofesi tinatchera mabeseni atatu. M'mawa mwake ndinapempha njinga, a Kandulu n'kundipatsa makiyi osafunsa kumene ndikupita. Msewu wa kumudzi unali matope okhaokha. M'minda monse anthu anali ataweramira pansi, akubzala. Ndikuyandikira ndinaona Abiti Daudi ali pakati pa magalagadeya, khasu lili m'mwamba, ana awo awiri akukoka chinthu chachitali. Ndinazimitsa njinga n'kutsala ndili chikhalire, chifukwa ndinkadziwa kuti akazula iwo, pofika Loweruka mudzi wonse udzakhala utazula.

Nditafika pafupi ndinaona kuti akukumba maenje kumapeto kwa mizere. Chimene anawo ankakoka chinali mlongoti wouma wa khonje, ndipo ina inali itaunjikidwa m'mphepete mwa munda. Anali ataitenga ku mpanda wakale wa achimwene awo kutsidya kwa mtsinje. Ina inali ndi mabowo kale, ndipo m'kati mwa umodzi munkamveka kulira.

"Mwaima ngati mlendo bwanji?" anatero osandiyang'ana. "Gwirani uko. Mizati ya a Kandulu ikhale ndi oyilo wake, bemberezi agone umu. Wafewa bwino khonje, saboola movutika."

"Ndiye simukuzula?"

"Chimanga ndabzala kumtunda, chikwana. Kuno ndasiyira eniake ntchito. Koma mukalembe m'pepala lanulo kuti mwana amene ndimupeze ndi patapata m'munda muno, adzaona."

Ndinagwira mlongotiwo, iwo n'kumatsendera dothi ndi chidendene. Tisanamalize kuzika wachiwiri, bemberezi anatulutsa mutu pa bowo la woyamba uja, nayang'ana uku ndi uku, n'kuulukira m'mizere.